Mitundu ndi kuyenda m'zojambula za mizere ndi makona: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira zojambula, olemba zikwangwani ndi ena a kuno ku Zomba ofuna kuyesa zithunzi zopanda chifaniziro cha munthu, nyama kapena malo, zongokhala ndi mizere, masikweya, makona atatu ndi zozungulira, zimene zimatha kuoneka ngati zikuyenda. Poyankha taganizira zipangizo zopezeka m'tauni muno komanso chinyezi cha m'munsi mwa phiri.

Chithunzi chopanda munthu, nyama kapena phiri chimaonetsa chiyani?

Chimaonetsa zimene mitundu ndi miyeso zimachitirana zikayandikana. Wojambula phiri la Zomba amathandizidwa ndi phirilo: ngakhale alakwitse pang'ono mtundu wobiriwira, woonera amazindikirabe mitengo ya paini ya ku Ku Chawe. Wojambula masikweya alibe kothawira. Akaphonya mtundu kapena muyeso, palibenso china chimene chatsala choti munthu ayang'ane.

Ku Ulaya njirayi inamveka kwambiri mu 1915, pamene Kazimir Malevich anaonetsa mumzinda wa Petrograd (lero St Petersburg) ku Russia chithunzi cha sikweya yakuda pamalo oyera. Piet Mondrian wa ku Netherlands anafika pongogwiritsa ntchito mizere yakuda yoimirira ndi yogona, pamodzi ndi mitundu yofiira, yachikasu ndi ya buluu. Komatu maso athu si achilendo ku zinthu zotere. Ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006, zojambula zofiira zakale, zimene akatswiri amati n'za Akafula, zambiri mwa izo ndi zozungulira, timizere toyandikana ndi madontho. Woluka lichero nayenso amawerenga nsungwi zake, zingati pamwamba, zingati pansi, kuti mzere wokhotakhota utuluke bwino.

Penti akauma sasuntha. Nanga kuyenda mukunenaku kuli pati?

Kuli m'diso la woonera, ndipo yankho limeneli ndi phata la ntchito yonseyi. Diso silikhazikika pamalo amodzi ngakhale mutaliumiriza. Limadumphadumpha pang'onopang'ono inu osamva, ndipo pamene pali timizere tambiri toyandikana, kudumpha kulikonse kumasuntha chithunzi chimene chili mkati mwa diso, n'kuoneka ngati mizereyo ikuthwanima.

Chachiwiri, diso limatopa ndi mtundu. Dulani sikweya ya pepala lofiira kwambiri, masentimita 10 mbali zonse, muiike papepala loyera. Yang'anitsitsani pakati pake kwa masekondi 30 osayendetsa maso, kenako yang'anani khoma loyera. Muona sikweya yobiriwira mopita ku buluu ikuyandama pakhomapo. M'diso muli timaselo ta mitundu itatu tomva kuwala. Tija tomva zofiira tatopa, ndiye totsalato tikumveka kwambiri. Pachithunzi cha mitundu yambiri zimenezi zimachitika nthawi yonse imene mukuyang'ana: mthunzi wa mtundu umene mwangouona umagwera pa mtundu wotsatira.

Chachitatu ndi njira imene wojambula amakonzera diso. Zinthu zikamakula kapena kuchepa mwadongosolo, diso limazitsatira lokha kuchoka ku chachikulu kupita ku chaching'ono. Choncho ntchito ya wojambula ili pawiri: pamalire pamene mitundu iwiri yakumana, ndi pamuyeso wa kusintha kuchoka pa chinthu china kufika pa chinzake.

N'chifukwa chiyani penti wa m'chitini chimodzi amaoneka mitundu iwiri pachithunzi chimodzi?

Chifukwa diso silimayeza mtundu pawokha, limauyerekeza ndi woyandikana nawo. Dulani timasikweya tiwiri pa pepala limodzi lotuwa. Kena kaikeni pa pepala lachikasu, kena pa pepala la pepo. Ka pa chikasu kaoneka kodera ndiponso kopita ku pepo, ka pa pepo kaoneka kowala ndiponso kopita ku chikasu. Mtundu uliwonse umakankhira mnzake kutali ndi iwo.

Amene analongosola zimenezi mwatsatanetsatane ndi Michel Eugène Chevreul, katswiri wa mankhwala amene ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris. Kunabwera madandaulo akuti ulusi wakuda sukuda mokwanira. Atafufuza anapeza kuti ulusiwo unalibe vuto, koma mitundu imene unalukidwa nayo pafupi ndi imene inkausintha m'maso mwa anthu. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1839.

Josef Albers, amene anaphunzitsa pa sukulu ya Bauhaus ku Germany asanasamukire ku America, anathera zaka za kuyambira 1950 mpaka imfa yake mu 1976 akujambula masikweya atatu kapena anayi, ina mkati mwa inzake, m'zithunzi mazanamazana zotchedwa Homage to the Square. Maonekedwe sankasintha kwenikweni, ankangosintha mitundu. Ankapaka ndi kampeni kosakanizira penti, nthawi zambiri penti wochokera m'chubu osasakaniza, ndipo kumbuyo kwa bolodi ankalemba dzina la penti aliyense. Chizolowezi cholemba kumbuyochi chitengeni. Pakatha miyezi itatu simudzakumbuka kuti buluu uja munamupeza bwanji.

Phunziro logwirika n'lakuti musasankhe mtundu poyang'ana m'chitini. Pakani mitundu yanu patimapepala, muumitse, muyandikizitse monga mmene idzakhalire pabolodi, ndiye muweruze.

Ndi mitundu iti imene imanjenjemera ikagundana?

Pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi. Mitunduyo ikhale yotsutsana: wofiira ndi wobiriwira, olenji ndi buluu. Yonse iwiri ikhale yamphamvu, yosasungunulidwa ndi penti wotuwa. Ndipo, chimene ambiri amachiphonya, ikhale yowala mofanana, wina asade kuposa mnzake. Diso limapeza malire a chinthu makamaka poona kusiyana kwa kuwala ndi kuda. Mitundu ikasiyana koma kuwala n'kufanana, diso limaona kuti pali malire koma limalephera kuwakhazikitsa pamalo amodzi, ndiye pamalirepo pamanyezimira.

Kuti mudziwe ngati kuwala kwafanana, jambulani timapepala tanu tiwiri ndi foni, musinthe chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Ngati tonse taoneka totuwa mofanana, mwapeza. Ngati wobiriwira wada kwambiri, muwonjezereni penti woyera pang'ono, kadontho kamodzi nthawi iliyonse, muumitse, mujambulenso. Chikasu ndi pepo n'zotsutsana, koma sizinjenjemera mwachibadwa chifukwa chikasu chimawala kwambiri ndipo pepo amada. Kuti zitheke, pepoyo ayenera kuyeretsedwa ndithu.

Mukafuna kuletsa kunjenjemerako, ikani kamzere kakuda kapena koyera ka mamilimita 2 kapena 3 pakati pa mitunduyo. Olemba zikwangwani za magolosale ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa zilembo zofiira pa khoma lobiriwira popanda mzere wozungulira siziwerengeka munthu ali pa minibasi. Pachithunzi, maganizo athu ndi akuti malo onjenjemera akhale ochepa, pamodzi kapena pawiri. Bolodi lonse likamanjenjemera, woonera amatembenuka msanga.

Kodi n'zoona kuti zofiira zimabwera kutsogolo, za buluu n'kubwerera kumbuyo?

Kawirikawiri inde, makamaka pamalo akuda. Galasi la m'diso limapinda kuwala kwa buluu kwambiri kuposa kofiira, motero mitundu iwiriyi siigwera pamalo amodzi mkati mwa diso, ndipo anthu ambiri amaona wofiira ali pafupi. Alipo ena amene amaona mosemphana. Koma musadalire lamuloli lokha. Buluu wowala, wa malire akuthwa, atha kudumphira kutsogolo kwa wofiira wozilala. Kukula kwa chinthu, kuphimbana kwa zinthu ziwiri ndi kuthwa kwa malire zimaposa mtundu pa nkhani ya kutalikirana.

Ndingachititse bwanji kuyenda ndi wakuda ndi woyera wokha?

Apa ndi pabwino kuyambira, chifukwa mumaphunzira muyeso musanasokonezeke ndi mitundu. Bridget Riley wa ku London anajambula Movement in Squares mu 1961: timabokosi takuda ndi toyera tosinthana, msinkhu wake wosasintha, koma m'lifupi tikunka titachepa mpaka pamalo ena pamene bolodi limaoneka ngati lapindikira mkati. Anakhala zaka zingapo pa wakuda, woyera ndi wotuwa, ndipo mitundu yeniyeni anaiyamba mu 1967. Chionetsero cha The Responsive Eye ku Museum of Modern Art ku New York mu 1965 ndicho chinatchukitsa zojambula zoterezi, za iye, za Victor Vasarely ndi za ena.

Yesani motere pa bolodi la masentimita 60 mbali zonse. Gawani msinkhu m'mizere yogona 10, uliwonse mamilimita 60. M'lifupi, kuyambira kumanzere, yezani mamilimita awa motsatizana: 60, 55, 50, 44, 38, 32, 26, 20, 15, 11, 8, 6, kenako 6, 8, 11, 15, 21, 28, 37, 49, 60. Zonse pamodzi zikwana mamilimita 600. Ikani timadontho pamwamba ndi pansi pa bolodi, mulumikize ndi rula wachitsulo ndi pensulo yosongoka. Musanapake chilichonse, ikani kachizindikiro m'kabokosi kalikonse koyenera kuda, chifukwa pofika pa timabokosi ta mamilimita 6 maso amasokonezeka ndipo n'kosavuta kudetsa tiwiri toyandikana.

Onani kuti popindikirapo sipali pakati penipeni, pali chakumanja, ndipo mbali yakumanja ikukula mofulumira kuposa mmene yakumanzere inachepera. Mukaika pakati n'kufananitsa mbali zonse, chithunzi chimaima chilili. Cholakwika china chofala ndi kulumpha muyeso, monga kuchoka pa 44 kufika pa 20. Diso limaona mpata woduka m'malo moona kupindika. Zili ngati ng'oma: kuthamanga kwake kukamakwera pang'onopang'ono wovina amatsatira, koma woimba akangolumpha, mwendo umasowa poponda.

Poyeza, musamayambire pa dontho lomaliza nthawi iliyonse. Phatikizani manambala papepala (60, 115, 165, 209, mpaka 600), muyeze onse kuchokera m'mphepete mwa bolodi. Mukamayeza kuchokera pa dontho lina kupita pa lina, theka la milimita lophonyeka paliponse limaunjikana, ndipo kabokosi komaliza kamatuluka kolakwika.

Mizere yopendekera imathandiza?

Kwambiri. Mzere wogona ndi woimirira umagwirizana ndi m'mphepete mwa bolodi, ndiye umaoneka wokhazikika. Wopendekera umaoneka ngati ukugwa kapena ukukwera. Nkhaniyi si yaing'ono kwa ojambula: Theo van Doesburg, wojambula wa ku Netherlands, atayamba kuika mizere yopendekera cha m'ma 1924, inali imodzi mwa nkhani zimene zinamusiyanitsa ndi Mondrian m'gulu lawo la De Stijl. Chodabwitsa n'chakuti Mondrian anadzapeza kuyenda popanda kupendeketsa mzere. M'chithunzi chake cha Broadway Boogie Woogie, chimene anajambula ku New York mu 1942 ndi 1943, anachotsa mizere yakuda n'kuika yachikasu yodukizadukiza ndi timasikweya tofiira, ta buluu ndi totuwa, totalikirana mosiyanasiyana, moti diso limangodumpha kuchoka pa kena kupita pa kena.

Mtundu uliwonse utenge malo aakulu bwanji?

Mtundu wowala kwambiri umafuna malo ochepa. Johannes Itten, mphunzitsi wina wa ku Bauhaus, ankaphunzitsa miyeso iyi kuti mitundu ilemere mofanana: gawo limodzi la chikasu pa magawo atatu a pepo, gawo limodzi la olenji pa magawo awiri a buluu, ndipo wofiira ndi wobiriwira theka ndi theka. Miyesoyi imapereka bata. Wofuna kuyenda amaiphwanya dala, koma akudziwa chimene akuphwanya. Kasikweya kamodzi kachikasu pakona ya bolodi la pepo kamakoka diso mwamphamvu kuposa masikweya asanu omwazikana.

Ndijambule pa chiyani, ndipo ndi penti wanji?

Zithunzi za malire akuthwa zimafuna malo osalala, choncho bolodi la hardboard kapena plywood ya mamilimita 4 mpaka 6 limaposa chinsalu kwa woyamba. Likapitirira masentimita 50, mmisiri wa matabwa akukhomereni timatabwa kumbuyo kuti lisapindike. Pakani penti woyera wa PVA katatu, mukudikira kuti aume ndi kukwecha ndi sandipepa wosalala, monga wa nambala 220, pakati pa kupaka kulikonse. Pakaninso kumbuyo ndi m'mbali kamodzi kapena kawiri. Bolodi lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi kumbali yosapakayo ndipo limakhota.

Penti wa acrylic ndiye woyenera: amauma msanga ndipo salimbana ndi tepi. Akasowa kapena akadula, PVA wa pakhoma wosakaniza ndi mankhwala osinthira mtundu a m'sitolo za hadiweya amagwira ntchito, ngakhale mitundu yake siifika mphamvu ya acrylic. Penti wa mafuta wopakira zitseko amanyezimira, amachedwa kuuma, ndipo woyera wake amasanduka wachikasu pakapita nthawi. Musapake penti wa madzi pamwamba pa wa mafuta, amamatuka. Ngati mwagwiritsa ntchito wa mafuta ndi thinners, gwirirani pakhonde kapena mutsegule mawindo onse.

Zinthu ziwiri za acrylic zoyenera kudziwiratu. Amada pang'ono akauma, chifukwa guluu wake amakhala ngati mkaka akadali wamadzi ndipo amaonetsa zapansi ngati galasi akauma. Ndiye weruzani mtundu pa kapepala kouma. Komanso sakanizani wokwanira kupaka katatu, mumusunge m'botolo lotseka bwino. Kusakaniza kachiwiri kuti afanane ndi woyamba n'kovuta, ndipo pamalo osalala kusiyana kwakung'ono kumaonekera patali.

Penti amalowerera pansi pa tepi, malire n'kutuluka ngati mano a sowo. Nditani?

Vutoli limabwera chifukwa pansi pa tepi pamatsala timipata tosaoneka. Chitani motsatira izi. Matani masking tape pa penti amene wauma tsiku lathunthu, apo ayi tepi idzamatula wapansiyo. Tsindirani m'mphepete mwake ndi chikhadabo kapena msana wa supuni. Kenako pakani m'mphepetemo penti wa mtundu womwe uli pansi pa tepi, wochepa chabe. Ameneyu ndiye alowerere m'timipata n'kutitseka, ndipo saoneka chifukwa ndi wofanana ndi wapansi. Akauma, pakani mtundu watsopano mopyapyala kawiri kapena katatu, bulashi ikuyenda kuchoka pa tepi kulowa mkati, osati kukankhira penti ku tepi. Matulani tepi penti womaliza akangosiya kunyezimira koma asanaumitsitse, mukukokera chakumbuyo pang'onopang'ono, motalikira mbali yapentiyo.

Penti akakhuthala amasiya kakhoma m'malire, ndipo kakhomako kamachita mthunzi umene umapha kunjenjemera kwa mitundu. Tepi ikagona pabolodi masiku angapo, makamaka padzuwa la mwezi wa October, imasiya guluu wovuta kuchotsa. Chikasu ndi mitundu yambiri yofiira zimaonetsa zapansi, choncho zipakeni pamalo oyera nthawi zonse, ndipo mufufute mzere wa pensulo mpaka utsale wosaoneka bwino, chifukwa pansi pa chikasu umaonekera mpaka kalekale.

Tepi si lamulo. Esther Mahlangu wa mtundu wa Chindebele ku South Africa, wobadwa mu 1935, amene anakongoletsa galimoto ya BMW mu 1991, amajambula mizere yake yowongoka ndi dzanja lokha, popanda rula, ndipo amadziwika pogwiritsa ntchito nthenga za nkhuku. Mzere wa dzanja uli ndi moyo wake. Chofunika n'kusankha njira imodzi pachithunzi chimodzi, chifukwa malire a tepi akayandikana ndi a dzanja, a dzanjawo amaoneka ngati olakwika.

Ndikasakaniza wofiira ndi buluu ndimapeza mtundu wa matope, osati pepo. Chalakwika n'chiyani?

Wofiira wanu ali ndi chikasu mkati. Wofiira wa tomato wakupsa amapendekera ku olenji, ndiye mukamuphatikiza ndi buluu mwasakaniza mitundu itatu, ndipo itatuyo imatulutsa bulawuni. Pepo wowala amafuna wofiira wopendekera ku pinki, monga magenta, ndi buluu wa ultramarine. Wobiriwira wowala amafuna chikasu cha ndimu ndi buluu wa phthalo. Musadetse chikasu ndi penti wakuda, chimasanduka chobiriwira chozilala. Posakaniza, yambani ndi mtundu wowala, muzidonthezamo wodera pang'onopang'ono. Mukhale ndi zitini ziwiri za madzi, china chotsukira bulashi, china cha madzi oyera osungunulira penti.

Dothi lathu lingagwire ntchito?

Inde, ndipo limapereka mitundu imene ya m'sitolo siifikapo. Katondo amapereka wofiira, makala opera amapereka wakuda, dothi loyera limapereka woyera wofatsa, monga amadziwira amayi ozira nyumba. Umitsani dothi, musinje, musefe, mulivundule m'madzi ambiri. Mchenga ukhala pansi msanga. Tsanulirani madzi amatopewo m'chitini china, muwasiye usiku wonse, mutaye madzi apamwamba. Phala lotsalalo lisakanizeni ndi guluu woyera wa matabwa, poyambira gawo limodzi la guluu pa magawo awiri a phala. Pakani pakapepala, kaume, mukhule ndi chala. Likachoka ngati fumbi, wonjezerani guluu. Likanyezimira kwambiri, guluu wachuluka.

Mitundu ya dothi ndi yofatsa, ndiye sinjenjemera pamalire. Kuyenda kwake kuyenera kuchokera ku muyeso ndi ku kusiyana kwa kuwala ndi kuda.

Chithunzi chinali bwino masana, madzulo chasintha. Bwanji?

Kuwala kukachepa, diso limayamba kudalira timaselo tina tosamva bwino zofiira. Imani m'munda wa maluwa wa Botanic Gardens dzuwa litangolowa kuseri kwa phiri: maluwa ofiira amada msanga pamene masamba akuonekabe. Wasayansi Jan Purkyně ndi amene analongosola zimenezi. Choncho wofiira ndi wobiriwira amene munawafananitsa kuwala masana amasiyana madzulo, ndipo kunjenjemera kumatha. Babu lachikasu limazilalitsa buluu, babu loyera la LED limazilalitsa zofiira. Sakanizani mitundu masana pamthunzi wa pakhonde, osati padzuwa lenileni, ndipo timapepala tanu toyesera mukationenso m'chipinda chimene chithunzicho chidzakhale.

Ena amati zithunzizi zimawachititsa chizungulire. N'zoona?

N'zoona kwa anthu ena. Timizere tambiri topyapyala takuda ndi toyera titha kuyambitsa chizungulire kapena mutu waching'alang'ala, ndipo kwa anthu ena odwala khunyu n'toopsa. Zithunzi zotere musazipachike m'chipinda chodikirira odwala kapena m'kalasi moyang'anizana ndi ana tsiku lonse. Inunso pojambula, phimbani ndi pepala mbali zimene mwamaliza, ndipo muzipumitsa maso poyang'ana kutali.

Ndisunge bwanji chithunzi m'nyengo ya mvula ndi ya chiperoni?

Kuyambira December mpaka March, komanso masiku a nkhungu a June ndi July, penti amachedwa kuuma kuno. Pamwamba pamaoneka pouma pamene mkati mudakali mofewa, ndiye onjezerani nthawi yodikira musanamate tepi, ngakhale masiku awiri. Vanishi apakidwe pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo, tsiku lopanda chinyezi, chifukwa wopakidwa pa chinyezi amachita mbuu. Sankhani vanishi wosanyezimira. Wonyezimira amaonetsa windo ndi nkhope ya woonera pamwamba pa mizere yanu.

Popachika, matani zotsekera mabotolo zinayi kumbuyo m'makona kuti pakati pa bolodi ndi khoma pazidutsa mpweya, apo ayi kumbuyoko kumachita chuku. Pewani khoma limene kunja kwake kumawombedwa ndi mvula. Musatsamiritse bolodi pansi pa simenti kapena pa dothi, kumene chinyezi ndi chiswe zimayambira. Zithunzi ziwiri za acrylic zisagundane nkhope ndi nkhope posunga, chifukwa kukatentha zimamatirirana ndipo pozilekanitsa penti amachoka m'malire momwe. Ikani pepala losalala pakati, muziimike pa timatabwa.